Ampu imathera pati, sipika n'kuyambira pati? Kusiyana kwa ma profile a gitala

Tengani ampu imodzi ya gitala, tinene Marshall JCM800 ija inatuluka mu 1981. Mabatani ake musawakhudze. Tsiku lomwelo, m'chipinda chomwecho, munthu mmodzi aijambule ndi makina a Kemper, otsanzira mawu a maampu, n'kutulutsa mafayilo atatu otchedwa ma profile: Studio, Direct ndi Merged. Mukavala mahedifoni, Studio ndi Merged zimveka ngati mapasa, pamene Direct ikubayani m'makutu ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini. Tsopano vulani mahedifoniwo, muzimitse mbali yotsanzira sipika pa makinawo, mawu muwatulutsire m'bokosi lenileni la masipika a gitala. Mapasa asintha. Direct ndi Merged ndiye zafanana, Studio yapatukako pang'ono. Kupatukako n'kochepa moti munthu wongodutsa pakhomo sangakumve, koma amene wagwira gitala amakumva m'zala.

Ampu ndi imodzi, nanga kusiyanaku kukuchokera kuti? Yankho lagona pa malo amene wojambula anaduladula ulendo wa mawu.

Tiyambe ndi chimene chimatchedwa profile. Makina otsanzira maampu anayamba kalekale. Kampani ya Line 6 inatulutsa POD mu 1998, kabokosi kofiira kooneka ngati nyemba, ndipo Fractal Audio inabwera ndi Axe-Fx mu 2006. Njira yawo ndi yoti akatswiri amatsegula ampu, n'kuyeza kachipangizo kalikonse ka m'katimo, kenako n'kulemba masamu oti kompyuta izichita zomwe magetsi amachita mu ampuyo. Christoph Kemper, Mjeremani amene anali atatchuka kale ndi kiyibodi ya Access Virus, anadzera njira ina. Makina ake, omwe anaonetsedwa ku chionetsero cha NAMM ku America mu 2011, satsegula ampu. Amaitumizira phokoso loyesera, lina lolira ngati mluzu wokwera ndi kutsika, lina lofwenthera ngati wailesi yosowa siteshoni, n'kumvetsera mmene ampuyo yayankhira. Kenako woimba amamenya makodi angapo mwamphamvu kuti makinawo akonze pamene anaphonya. Chotuluka pamenepo ndi profile: chithunzi cha ampu monga inalili pa mphindi imeneyo, mabatani ali pamene anali.

Mawu oti chithunzi ndi oyenera kuwasunga m'mutu. Munthu wojambulidwa atayang'ana kumanzere simungamutembenuzire kumanja pa pepala. Zambiri zimene anthu amakangana pa nkhani ya ma profile zimachokera pa kuiwala zimenezi.

Mawu a gitala yamagetsi amayenda ulendo wa zigawo zinayi asanafike pa mikisa. Amalowa mu preamp, momwe amakulitsidwa n'kuyamba kukhadzuka, kutanthauza kulira mokanda ngati gitala za rock. Amapita ku power amp, yomwe imapereka mphamvu yokankhira sipika. Amatulukira pa sipika ili m'bokosi lake lamatabwa. Pomaliza maiki imawatola. Ambiri timaganiza kuti mwini mawu ndi ampu, koma sipika ndi maiki ndi zimene zimaumba mawuwo kwambiri. Sipika ya gitala ya mainchesi 12 imayamba kufooka mawu akakwera kupitirira cha m'ma 5 kHz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa mawu, kHz imodzi ndi ma Hz 1,000), ndipo kufooka kumeneko ndi kumene kumasefa zokanda zonse zimene ampu yokhadzula imatulutsa. N'chifukwa chake Direct yopanda sipika imamveka ngati njuchi zija.

Studio profile imatenga ulendo wonse pamodzi, kuyambira pa chingwe cha gitala mpaka pa maiki. Ndi nsima yophikaphika: ufa ndi madzi zagwirana, simungazilekanitsenso. Ngati mukujambula nyimbo kapena mukulumikiza molunjika ku mikisa, imeneyi ndiyo yokhulupirika kwambiri, chifukwa palibe chimene makina akuganizira. Zonse anazimva okha. Vuto limabwera mukafuna kuzimitsa mbali ya sipika kuti mugwiritse ntchito bokosi lanu, kapena mukafuna kusinthira sipika ina. Makinawo sanamvepo ampuyo payokha, ndiye amachita kuyerekeza malire. Kemper ili ndi njira yake yoyerekezera yotchedwa CabDriver, ndipo imayesetsa ndithu. Komabe kuyerekeza ndi kuyerekeza. Kafungo kena ka sipika yakale kamatsalira mu mbali ya ampu, kapena kanthu kena ka ampu kamapita limodzi ndi sipika yomwe mwachotsayo. Mukamvetsera bwino mupeza kuti mawu apakati asintha malo pang'ono, ngati woimba watseka mphuno mbali imodzi, kapena mawu apansi afewa kuposa mmene anayenera kukhalira.

Direct profile imadula ulendo sipika isanafike. Wojambula amaika kabokosi ka DI kotha kupirira mphamvu ya ampu pakati pa ampu ndi bokosi la masipika, n'kutapa mawu pamenepo. Maiki palibe. Merged, yomwe inabwera mu 2015, ndi ukwati wa ziwirizi: mumajambula Studio, mumajambulanso Direct osasuntha batani, kenako makina amayerekeza mafayilo awiriwo n'kudziwa kuti chimene chili mu Studio koma mulibe mu Direct ndiye sipika ndi maiki. Malire tsopano ayezedwa. Mukayatsa mbali ya sipika mumapeza mawu oyandikana kwambiri ndi Studio, mukaizimitsa mumatsala ndi Direct yeniyeni. Woimba pa siteji amatha kutumiza mawu athunthu ku mikisa, kwinaku kumbuyo kwake kukulira bokosi lenileni lolandira ampu yokha.

Ndanena kuti oyandikana kwambiri, sindinanene kuti ofanana. Alipo oimba amakutu akuthwa amene amakonda Studio yoyambirira kuposa Merged akamamvetsera pa masipika a mu situdiyo, ndipo sindiwatsutsa. Chinthu chikagawidwa pawiri n'kulumikizidwanso, msoko umakhalapo ngakhale telala akhale waluso chotani. Ine msokowo ndimaumva kawirikawiri pa nsambo zokhuthala ndikazitsekereza ndi chikhatho, pa kaphokoso koyamba kaja ka "dhu". Pa Studio kamabwera kamodzi n'kutha. Pa Merged nthawi zina kamakhala ngati kotambasukako pang'ono. Ng'oma ndi bezi zikalowa, sindingathe kuloza kuti iyi ndi iti.

Pali chinsinsi china chimene ambiri sachidziwa, ndipo ndi pamene nkhaniyi imakoma. Direct profile si ampu yokhayokha ayi. Pa bokosi la sipika pamalembedwa 8 ohms kapena 16 ohms, muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi, koma nambala imeneyo ndi yongoyerekeza. Kukana magetsi kwa sipika kumasintha malinga ndi mawu amene ikulira. Kumakwera kwambiri pa malo amodzi a mawu apansi, kawirikawiri cha pakati pa 70 ndi 120 Hz malinga ndi sipika ndi bokosi lake, kumatsika pakati, kenako kumakweranso pang'onopang'ono ku mawu apamwamba. Nsambo yokhuthala kwambiri ya gitala imalira pa 82 Hz, pafupi penipeni ndi phiri limenelo. Ampu ya ma transistor sisamala kwenikweni za kukwera ndi kutsika kumeneku. Ampu ya ma valve, machubu agalasi okulitsa mawu, imasamala kwambiri: pamene sipika ikukana kwambiri, mphamvu ya magetsi yotuluka imakweranso. Ndiye kuti sipika imabwezera mawu kwa ampu, ziwirizi zimakambirana. Ampu ngati Vox AC30, yomwe ilibe njira yobwezera magetsi m'mbuyo kuti adziwongole, imamvera sipika kuposa maampu ambiri.

Tanthauzo lake n'lakuti Direct profile yojambulidwa ampu ili yolumikizidwa ku bokosi lotseka la masipika anayi imanyamula kugunda kwa bokosi limenelo, ngakhale maiki sinalipo. Ampu yomweyo ikajambulidwa ili pa bokosi lotsegula kumbuyo la sipika imodzi, kugundako kumasuntha malo. Ndipo ojambula ambiri masiku ano sagwiritsa ntchito sipika n'komwe, poopa phokoso. Ampu ya ma valve siyenera kuyatsidwa popanda cholandira mphamvu yake, ingapse, ndiye amaika kabokosi kolowa m'malo mwa sipika. Timabokosi timeneti tili mitundu iwiri. Kena kamangokana magetsi mofanana paliponse, ndipo profile yochokera pamenepo imamveka yophwatalala, yakuda pang'ono, yosadumpha pansi pa zala. Kena kamatsanzira phiri lija ndi kukwera kwa kumwamba, ndipo mawu ake amakhala ndi moyo. Ma profile awiri onse olembedwa kuti Direct, a ampu imodzi, akhoza kusiyana kwambiri kuposa mmene Studio imasiyanirana ndi Merged. Wogulitsa ma profile akapanda kunena chimene ampu inalumikizidwako, wakubisirani theka la nkhani.

Apa mpamenenso anthu amadzipweteka osadziwa. Direct profile ili kale ndi power amp ya ma valve m'kati mwake. Mukaitulutsira pa power amp ya ma transistor yosawonjezera kanthu, zonse zili bwino. Mukailowetsa kumbuyo kwa ampu ina ya ma valve, kukambirana kuja kumachitika kawiri: mawu apansi amatupa, apamwamba amalasa. Pa ntchito yotero pamafunika profile yotapidwa pa preamp yokha.

Tibwerere ku maiki, chifukwa ndikhulupirira kuti anthu ambiri amene amati "profile iyi ndi yabwino kuposa iyo" akuyerekeza maiki osadziwa. Shure SM57, yomwe yakhalapo kuyambira 1965, imatukula mawu a cha m'ma 5 mpaka 6 kHz, ndiye imaluma, imaboola gulu lonse. Royer R-121, ya mtundu wa riboni, imafewetsa kumwamba n'kunenepetsa pansi. Maiki yomweyo mukailoza pakatikati pa sipika imatola mawu owala, okanda. Mukaisunthira cha m'mphepete masentimita awiri kapena atatu okha, mawu amada n'kukhuthala. Mukaiyandikiza mpaka kukhudza nsalu ya bokosi, bezi imachuluka. Onjezerani mtundu wa sipika: Celestion Vintage 30 ya mu 1986 imatulutsa mawu apakati olasa, pamene Greenback ya mawati 25 imamveka yofunda ndipo imafulumira kukhadzuka. Kusuntha maiki ndi chala chimodzi kumasintha mawu kuposa kusiyana konse kwa Studio ndi Merged. Ndikanena kuti kusiyana kwa mitundu ya ma profile n'kochepa, ndikuyerekeza ndi zimenezi.

Tsopano mabatani. Profile ndi chithunzi, tanena kale. Ndiye chimachitika n'chiyani mukapotokola Treble kapena Gain, batani lochulukitsa kukhadzula, pa profile? Pa ma profile akale a Kemper, mabatani a Bass, Middle ndi Treble sankachita zomwe mabatani a ampu yojambulidwayo amachita. Ankagwira ntchito ngati a pa mikisa, kuwonjezera kapena kuchepetsa mawu ophikidwa kale. Pa ampu yeniyeni mabataniwa amakokerana: kukweza Treble pa Fender kapena Marshall kumasunthanso mawu apakati. Malo awo amasiyananso. Pa Fender Twin Reverb ya m'ma 1960 mabataniwa ali koyambirira kwa ulendo, ndiye amasankha mawu amene akakhadzuke kutsogolo. Mukachulukitsa Bass pamenepo ampu ikulira mokweza, mawu amaphwanyika ngati matope. Pa JCM800 ali pambuyo pa kukhadzula kwa preamp, ndiye amaumba zimene zakhadzuka kale. Pa Vox pali batani la Cut loyenda chobwerera: mukalikweza, mawu apamwamba amachepa.

Gain nayo ili ndi kamsampha kake. Maampu ambiri ali ndi ka capacitor kakang'ono pa batani la voliyumu kamene kamalola mawu apamwamba kudutsa batanilo likakhala pansi. N'chifukwa chake Marshall yeniyeni mukaitsitsa Gain imawala ngati galasi, mukaikweza imakhuthala. Profile yojambulidwa Gain ili pamwamba sinaonepo kuwala kumeneko. Mukaitsitsa, kukhadzula kumachepa ndithu, koma mawu amatsala akuda, ngati mwaphimba sipika ndi chitenje. Mu 2023 Kemper inabweretsa Liquid Profiles pofuna kuthetsa zimenezi. Mumauza makina kuti ampu inali ya mtundu wanji ndiponso mabatani anali pati pojambula, ndipo iwo amaika masamu otsanzira mabatani a ampu imeneyo pamwamba pa chithunzi chija. Musanakhudze batani, Liquid profile iyenera kumveka chimodzimodzi ndi profile wamba. Kusiyana kumayamba dzanja likapotokola. Ndi kuvomereza kuti njira ziwiri zija, kujambula ndi kutsanzira, zimafunana.

Kemper siilinso yokha. Neural DSP ya ku Helsinki inayamba kugulitsa Quad Cortex mu 2021, ndipo zake amazitcha ma capture. IK Multimedia ya ku Modena inatulutsa ToneX mu 2022. Palinso Neural Amp Modeler, yomwe ambiri amangoti NAM, pulogalamu yaulere imene anayambitsa Steven Atkinson. Izi zimaphunzitsa kompyuta: zimaipatsa mawu olowa mu ampu ndi mawu otuluka, kompyuta n'kubwereza kuyesa maulendo ambirimbiri mpaka itadziwa kusandutsa oyambawo kukhala achiwiriwo. Malire aja adakalipo chimodzimodzi, ampu yokha kapena ampu ndi sipika, kungoti amene watenga ampu yokha amawonjezera fayilo ya sipika yotchedwa IR. Fayilo imeneyi imasunga bwino mtundu wa mawu a sipika ndi maiki, koma sidziwa kuti sipika yeniyeni imasintha khalidwe ikakankhidwa mwamphamvu. Imayankha mofanana kaya mwakhudza nsambo mofatsa kaya mwaimenya.

Pa NAM pali kusiyana kwina kwa kukula kwa ubongo wa kompyuta umene waphunzitsidwa: standard, lite, feather ndi nano. Zing'onozing'ono zimapepukira kompyuta yofooka kapena kapedo kakang'ono, koma zimataya tinthu tina. Pa mawu oyera mwina simungamve kanthu. Pa mawu okhadzuka kwambiri, mvetserani kumwamba, kumene kumamveka "sss", ndiponso kumapeto kwa noti pamene ikuzilala. Ampu yeniyeni imachoka pa kukhadzuka kupita pa kuyera pang'onopang'ono ngati moto ukuzima. Fayilo yopepuka nthawi zina imasiya kamchenga pa mchira wa notiyo. Ophunzitsa mafayilowa amaonetsa nambala yotchedwa ESR, ndipo ikachepa ndiye kuti fayilo yayandikira ampu yake. Nambalayo imakuuzani za kufanana kokha. Ampu yotcheredwa moipa ikajambulidwa mokhulupirika, mumalandira kuipa kwake konse.

Chinthu chimodzi chimene chimasokoneza kuyerekeza konseku ndi mphamvu ya mawu olowa. Profile inaphunzira kuti mawu akafika pamlingo wakuti, ampu imayamba kukhadzuka. Ngati kabokosi kanu kolumikizira gitala ku kompyuta kakutumiza mawu amphamvu kuposa amene wojambula anagwiritsa ntchito, profile yoti ndi yoyera idzakhadzuka, inu n'kuiweruza kuti ndi yabodza. Ine zinandichitikira ndi profile ya Fender Deluxe Reverb, ampu ya mawati 22 imene ndinkaifuna chifukwa cha kuyera kwake kokhala ndi kam'mphepete. Sabata yathunthu inkangolira mokwiya, mpaka ndinatsitsa batani lolowetsera mawu pa kabokosiko kufika pansi penipeni. Nthawi yomweyo ampu ija inatulukira: ndikakhudza mofatsa mawu oyera ngati madzi a pa kasupe, ndikakanikiza pang'ono kamakhadzuka m'mphepete mokha. Gitala iyeneranso kulowa pa khomo lolembedwa Inst kapena Hi-Z, lomwe nthawi zambiri limakhala la 1 megaohm. Pa khomo wamba mawu apamwamba amafa asanafike n'komwe ku profile.

Mphamvu ya mawu otuluka nayo imanyenga. Kuyambira pa kafukufuku wa Harvey Fletcher ndi Wilden Munson mu 1933 zimadziwika kuti khutu la munthu limamva mawu apansi ndi apamwamba mochuluka phokoso likakwera. Profile yokwera ndi desibelo imodzi yokha imamveka yonenepa ndi yowala kuposa inzake, ndipo mudzaisankha mukuganiza kuti mwasankha mtundu wabwino. Chifukwa chomwecho, profile imene munaikonza usiku pa mahedifoni ana atagona imakalasa anthu m'makutu mukafika nayo pa masipika akuluakulu.

Kwa ife kuno nkhaniyi ili ndi mbali yake. Ma profile ambiri ogulitsidwa pa intaneti anapangidwira oimba rock ndi metal, pamene gitala yathu, kaya ya kutchalitchi, ya rumba, ya sungura kapena ya reggae, nthawi zambiri imalira yoyera, zala zikuthamanga pa nsambo zopyapyala. Pa mawu oyera kulibe kukhadzula kobisa zolakwika, ndiye chimene chimasiyanitsa ma profile ndi kadontho koyamba ka noti. Ampu ya ma valve imabwerera m'mbuyo pang'ono mukamenya mwamphamvu, chifukwa magetsi ake amatsika kwakanthawi kenako n'kudzukanso, ndipo noti imamveka yozungulira. Ampu ya ma transistor ngati Roland JC-120 ya mu 1975 imayankha nthawi yomweyo, mouma ndi molunjika, zomwe zimakomera mizere yothamanga. Dziwaninso kuti chorus yotchuka ya JC-120, yomwe imamveketsa gitala imodzi ngati zingapo zolira pamodzi, silowa mu profile. Chilichonse choyenda ndi nthawi, reverb, delay, tremolo, chimazimitsidwa pojambula, ndipo mumachita kuwonjezera nokha pambuyo pake.

Komanso ambiri mwa ife sitinyamula bokosi la masipika a gitala. Timafika, timapatsa wa pa mikisa chingwe, basi. Kwa woimba wotero mkangano wa Direct ndi Merged suli wake kwenikweni. Chimene akufuna ndi profile yokhala ndi sipika ndi maiki m'kati, ndipo nthawi yake aithere posankha maiki yogwirizana ndi gulu lake. Ngati pali kiyibodi yodzaza pakati ndi oimba anayi, SM57 yoluma ija idzamupezera malo. Ngati gitala ndiyo ikutsogolera yokha ndi mawu a munthu mmodzi, riboni yofewa idzakhala bwino. Cholakwika chimene ndachimva kangapo m'maholo ndi cha mbali ziwiri: wina watumiza Direct ku mikisa popanda sipika, anthu n'kumatseka makutu, kapena wina walowetsa Studio yathunthu kutsogolo kwa ampu ya gitala, mawu n'kusefedwa kawiri mpaka kumveka ngati akuchokera m'chipinda china.

Mukafuna kudzimvera nokha kusiyana kumene tafotokozaku, musayerekeze uku mukuimba, chifukwa dzanja limasintha lokha potsatira zimene khutu lamva. Jambulani gitala youma kamodzi, masekondi makumi awiri okha: makodi otsegula, nsambo zokhuthala zotsekereza ndi chikhatho, ndi noti imodzi yosiyidwa mpaka itazilala yokha. Mawu omwewo muwadutsitse mu profile iliyonse, mulinganize mphamvu yake, ndipo mnzanu azisintha inu mutatembenukira kukhoma. Mukatha apo, gwirani gitala, muike batani lake la voliyumu pa 10, mumenye kodi imodzi, kenako mulitsitse pa 6 n'kumenyanso. Mverani ngati mawu ayera n'kukhalabe owala, kapena angochepa n'kuda.